Ana inu, tulukaniko m'migodi yakaleyo

Tamverani kuno achinyamata, chifukwa zimene mwayambazi zitiliritsa maliro osadwala. Mwangomva kuti akatswiri abwera ndi mashini oboola nthaka kudzafufuza kopa pafupi ndi migodi yakale, basi mitu yazungulira, aliyense watenga tochi, piki ndi thumba kukalowa m'maenje amene anatsekedwa agogo anu ali anyamata. Mukufuna chani kwenikweni?

Kufufuza sikupeza ayi. Anthu aja amaboola pansi mamita mazanamazana, kutulutsa miyala yaitali ngati mipaipi, kuitumiza ku labu, kenako kuboolanso pena, ndipo ntchitoyi imadya zaka, malo ambiri ofufuzidwa safika pokhala mgodi n'komwe. Eni zipangizo akudekha, inu a piki ndiye mwapupuluma. Mwala wobiriwira umene mukujambulitsa nawo pa Facebook uja ndi malachite, wabuluuwo azurite, inde ndi zizindikiro za kopa, koma chizindikiro sichuma. Mwala wa 1% ndiye kuti tani yathunthu muli makilo 10 okha a kopa, nawonso osatuluka popanda fakitale. Ndiye kathumba kanu kakumutuko mukuti mwanyamula zingati? Wina wonyezimira ngati golide uja musanamizane, ndi chalcopyrite kapena pyrite.

Koma chikundipweteka mtima ine ndi maenjewo. Mitengo yochirikiza denga inawola kalekale, imaoneka yolimba koma mukaigunda pang'ono denga lonse likutsikirani. Pansipo mpweya wabwino umatha osaoneka osanunkha, munthu amangomva kutopa, kukhala pansi kuti apume kaye, osadzukanso, ndiye mnzake polowa kukamutenga naye amatsalira konko, maliro awiri tsiku limodzi. Pena pali shafiti, chidzenje chakuya cholunjika pansi, yobisika ndi tchire kapena matabwa ofumbwa, kuponda kamodzi kokha. Madzi odikha m'menemo, ena ofiirira ena obiriwira, amakhala ndi asidi ndi zitsulo, koma mumasamba m'manja momwemo n'kumadya. Mukapeza timitengo ta dainamaiti takale tikutuluka thukuta musakhudze n'komwe, wakaleyo ndiye sachedwa kuphulika.

Musati nkhalamba ikungoopseza. Ku Kitwe, Zambia, mu 2018 mulu wa zotsalira za mgodi wotchedwa Black Mountain unagumuka n'kupha anthu osachepera 10 amene ankatola miyala. Ku Chingola, ku Zambia komweko, kumapeto kwa 2023 mvula yamphamvu inagwa usiku, matope anadzaza maenje a ku mgodi wa Seseli muli anthu oposa 30, ambiri sanatuluke amoyo. Amenewonso anali ndi amayi awo owadikira.

Nanunso makolo, mwana akubwera ndi fumbi lobiriwira m'zikhadabo inu n'kumalandira ndalama osafunsa? Ndipo inu ogula miyala usiku, mumaima kunja kwa dzenje nsapato zili zoyera, mukalowemo nokha tione.

Amene mukufuna ntchito pitani masana kwa ofufuzawo, afunseni chiphaso chawo, afunseninso ngati akulemba anthu onyamula ndi kusanja miyala ija. Dzenje lililonse lotseguka limene mukulidziwa, kaneneni kwa akuluakulu alitchinge mvula isanayambe.