Sekondale yeniyeni ndiye iti?

Abale anga, lero ndikulemba nditapsa mtima ndipo sindibisa.

M'mawa uno kwa telala wina pamsika wa pa boma kuno ku Nkhotakota ndinapeza mtsikana akuyezedwa yunifolomu. Anabwera ndi agogo ake aakazi, ndalama atazimanga pa mfundo ya chitenje. Mwana wakhoza mayeso a Sitandade 8, dzina latuluka, akukayamba Fomu 1. Nkhope inkachita kuwala. Ndiye bambo wina amene amadikira buluku lake anamufunsa kuti, "Mwanawe, wasankhidwira kuti?" Mwana anatchula CDSS ya kwawo, sekondale yaboma yoyendera ya m'dera. Bambo uja kuseka. "Aaa, ku DEC? Ine ndimayesa sekondale yeniyeni!" Mtsikana anagwetsa nkhope pomwepo, tepi ya telala idakali m'chiuno. Agogo aja anangoti, "Ndi kumene boma lamutumiza, bambo," ngati akupepesa mlandu.

Apepese chiyani? Alakwa chiyani gogo amene wagulitsa mpunga wake kuti mdzukulu avale yunifolomu?

Ndikufunsa inu nonse amene mumakonda mawu amenewa: sekondale yeniyeni ndiye iti? Yabodzayo ili kuti, mundilozere? Makwerero a sukulu m'dziko muno timawadziwa tonse. Mwana amayamba ya mkaka, kumudzi kuno timati ya mkombaphala. Akatero pulayimale zaka 8, Sitandade 1 mpaka 8. Kenako sekondale zaka 4, Fomu 1 mpaka Fomu 4. Akachita bwino ndiye koleji kapena sukulu ya ukachenjede. Pakati pa pulayimale ndi sekondale palibe khwerero lina lotchedwa DEC. Mwana wa Fomu 1 ndi wa Fomu 1 basi, kaya amagona ku hositelo ya Dedza Government, kaya amapalasa njinga kuchokera ku Mwansambo chimanga chokazinga chili m'thumba.

Sekondale ndi sekondale. Silabasi ndi imodzi. JCE ya Fomu 2 ndi imodzi. MSCE ya Fomu 4 ndi imodzi. A MANEB sakonza pepala la masamu lofewa loti ili ndi la ana a CDSS, ili ndi la ana a sekondale zogonera za national. Tsiku lake ndi lomwelo, ola lake ndi lomwelo, mafunso ake ndi omwewo. Giredi 1 ndi giredi 1, giredi 9 ndi kulephera kulikonse. Akamawonkhetsa mapointi a maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, safunsa ngati ankadya nyemba za ku bodingi kapena utaka wa amayi ake. Nanga inu mukamati ina ndi yeniyeni, mayeso enieniwo mumalembetsa ndinu kunyumba kwanu?

Ndipo dzina la DEC mukulikakamiralo linatha kalekale. Anali malo ophunzirira pansi pa MCDE, koleji yaboma yophunzitsa anthu ali kutali, ana ambiri akudziwerengera timabuku totumizidwa. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa malo amenewa kukhala ma CDSS. Ana amene anabadwa nthawi imeneyo lero ali ndi ana awo. Koma munthu wamkulu, wa imvi, adakali kunyamula dzina lakufa kuti azilasira nalo ana a eni ake. Manyazi mulibe?

Inde ndikudziwa, ambiri mwa ma CDSS alibe labu, mabuku ndi operewera, aphunzitsi ndi ochepa. Amenewo ndi mavuto oti tizikalipira akuluakulu. Si chifukwa chonyozera mwana.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti sekondale zaboma zambiri m'dziko muno ndi ma CDSS omwewa. Ndiye mukamati si zenizeni mukunyoza ana ambiri a Malawi. Mukunyoza mwana wa msodzi wa ku Chia, mwana wa wodula nzimbe ku Dwangwa, mwana wa mlimi wa chinangwa ku Benga. Mtsikana amadzuka kudakali mdima, atunge madzi, asese pabwalo, ayende mtunda wautali dzuwa la kunyanja kuno likumuwotcha, madzulo awerenge ndi tochi ya foni. Wina amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, kudziphikira yekha ali ndi zaka 14. Ameneyo ndiye mumuuze kuti sukulu yake si yeniyeni? Thukuta lakelo ndi labodza? Fizi imene makolo ake akhala akuvutika nayo inali ndalama yabodza?

Mawu amapha, abale. Mwana ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti kumene ukupitako n'kongotayirako nthawi, tsiku lina amakhulupirira. Mnyamata amasiya makope n'kukwera bwato. Mtsikana amalola woyamba kumufunsira. Kenako inu nomwe, pakamwa pomwepo, muzidzati ana a masiku ano safuna sukulu. Mwawathamangitsa ndinu ndi lilime lanu!

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Namwino amene adzakubayeni jakisoni mawa simudzamufunsa kuti Fomu 4 analembera kuti. Mphunzitsi amene akuphunzitsa mdzukulu wanu a, e, i, o, u mwina anadutsira ku CDSS komweko mukukusekako. Mwana akakuuzani kuti wasankhidwa, yankho ndi limodzi: "Wachita bwino mwanawe, ukalimbikire." Ngati zimenezo zikukulemerani pakamwa, khalani chete. Kukhala chete sikulipiritsa.

Ndi matenda omwewa amene timanyozera nawo a open, amene amalowa m'kalasi masana anzawo akaweruka. Mayi wa ana atatu wabwerera pa desiki kuti apeze MSCE, ife m'malo momuwombera m'manja tikuti "ndi za open izo." Mawu oti sukulu ya kwacha tinawasandutsa chipongwe, chonsecho kumeneko agogo athu ndi kumene anaphunzirira kulemba mayina awo m'malo modinda chala.

Koma taonani kumene timagwada. Yendani msewu wa M5 kuchokera pa Kamuzu Road ku Salima mpaka ku Dwangwa, muwerenge zikwangwani. Academy. High School. International. Kale tikamva academy tinkadziwa ya ku Mtunthama ku Kasungu, imene Kamuzu anatsegula mu 1981. Lero munthu wapenta nyumba ya zipinda zitatu, chimbudzi chimodzi ana onse, walemba Academy pakhoma, ife thamangethamange ndi ndalama osafunsa n'komwe ngati aphunzitsi ake anapitako ku koleji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye kwabweranso izi za ku mkaka, mwana wa zaka 5 kumuveka gauni ndi chipewa cha makona anayi, ati gilajuweshoni. Makolo alipire ya gauni, ya keke, ya wojambula, ya mphatso ya aphunzitsi. Wamaliza chiyani mwana woti dzina lake lomwe satha kulemba?