Kampani ikagulitsidwa, pampu yakufa ija ndi ya ndani? Kuno ndi ku Chipata

Alamu anga a kwa Mkanda anagula pampu ya sola yothirira dimba ku kampani ina ya ku Lilongwe, dzina sinditchula. Itangogwira miyezi ingapo inayamba kununkha mawaya, kenako zii. Tinainyamula pa minibasi pamodzi ndi risiti yake ataipinda bwinobwino mu jumbo ya shuga, kufika kuja geti ndi lomwe lija, mlonda yemwe uja, mashelefu omwe aja, koma chikwangwani chasintha. Mnyamata wa pa kauntala anangoti, "Pepani bambo, ifetu tinagula katundu ndi malo, kampani yakaleyo sitinaigule."

Alamu anapsa mtima, ine ndinkaganiza kuti akutinamiza masana. Koma ayi, pa malamulo mnyamatayo sanaphonye kwenikweni, ndipo mukawoloka boda pa Mwami mukamva yankho lomwelo, chifukwa ife ndi a Zambia malamulo a makampani tinatengera kumodzi, kwa Angelezi. Kampani imawerengedwa ngati munthu payokha. Ukagula masheya ake wagula munthuyo ndi ngongole zake ndi milandu yake yonse, walira mvula walira matope. Ndi mmene zinalili Castel itagula masheya a Carlsberg Malawi mu 2016, kapena Zain itasanduka Airtel mu 2010 kuno ndi ku Zambia komwe: eni ake ndi dzina zinasintha koma kampani ndi yomweyo. Pomwe ukangogula makina, nyumba, magalimoto ndi sitoko, milandu imatsalira kampani yakale ija, pokhapokha ngati mumgwirizano unavomera kuisenza kapena khoti lapeza kuti kugulitsako kunali chinyengo chothawira ngongole. Vuto ndi loti kampani yakaleyo nthawi zambiri imakhala yatsala chigoba chabe, ndalama anagawana, ofesi palibe, foni siyikupezeka.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Lamulo lathu la zantchito la 2000 limati bizinesi ikagulitsidwa, antchito amapitirira kwa mwini watsopanoyo ndi maufulu awo. Ndiye kuti mlonda uja zaka zake sizinatayike, ndi bwino ndithu. Koma alamu anga amene anagulitsa matumba a soya kuti agule pampuyo palibe anawaganizira.

Tsono kusiyana kwathu ndi anzathu a ku Chipata kuli pa kokadandaula. Iwo ali ndi CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, lomwe lamulo lake ndi la 2010, ndipo limaletsa poyera kugulitsa katundu wowonongeka, wogulitsayo amayenera kubweza ndalama kapena kusinthitsa, apo ayi chindapusa. Alinso ndi makhoti a milandu ing'onoing'ono komwe umapita wekha popanda loya. Makampani onse amalembetsa ku PACRA, ndiye munthu wochangamuka amafufuza kaye ngati dzina lili pa risiti likadali moyo. Ife lamulo loteteza ogula tinali nalo kuyambira 2003, patsogolo pa iwo, koma linkangogona m'mabuku, ndipo CFTC, bungwe lathu lofanana ndi CCPC, inadzapatsidwa mano olipiritsa chindapusa payokha ndi lamulo latsopano la 2024. Apapa ndivomere, a Zambia anatipitirira, ngakhale mano onsewo amaluma amene anakugulitsa, osati amene anadzagula shopu pambuyo pake.

Musaganizenso kuti ku Zambia kupambana mlandu wa katundu woipa ndi kophweka. Michael Sata, asanakhale pulezidenti, anasumira Zambia Bottlers atapeza mphemvu yakufa mu botolo la Sprite, ndipo mu 2003 khoti lalikulu la apilo linamukanira chifukwa botololo sanalitsegule, sanamwe, panalibe chimene chinamuvulaza. Sata amene, wa pakamwa pakuthwa uja! Nanga iwe ndi ine?

Ku Mozambique, komwe tagundana nako kumwera kwa boma lathu lino la Mchinji, ndi nkhani ina, malamulo awo ndi a Chipwitikizi ndipo kugulitsa shopu yonse ndi makasitomala ake ali ndi dzina lake, amati trespasse. Lamulo lawo la ogula ndi la 2009.

Amene anayesa kutseka mpatawu ndi ena a ku America. Ku California mu 1977, pa mlandu wa Ray ndi kampani ya Alad, munthu anagwa pa makwerero opangidwa ndi kampani yomwe inali itagulitsa kale katundu wake nkutsekedwa. Khoti linati popeza wogulayo anapitiriza kupanga makwerero omwewo, pa fakitale yomweyo, ndi dzina lomwelo, alipire ndi iyeyo. Zigawo zambiri za America sizinatsatire maganizo amenewa, koma kwa ine ndi omveka: wadyera mbiri ya dzinalo, senzanso zoipa zake.

Alamu anabwerera nayo pampu yawo. Mnyamata uja anatinong'oneza kuti tiyese kulembera amene anaipanga, dzina lili pa kachitsulo kam'mbali, koma adiresi yake ndi ya kutsidya kwa nyanja. Panopa ili pansi pa nkhokwe ataifunditsa thumba la feteleza, tomato akuthirira ndi makheni awiri kuyambira mbandakucha, ndipo risiti ija akuisungabe.