Patsinde pa phiri: zomwe Lesotho ndi South Africa amachita ife tisakuchita

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Johannesburg tinakulira patsinde pa phiri lina lake. Wina ngwa ku Mulanje, wina ku Zomba, wina ku Dedza, wina ku Ndirande. Nkhani imene yandivuta ndi yakuti malo amenewa, pomwe phiri limathera ndi kuyamba minda, kwathu timawatenga ngati malo wamba, pamene anzathu a mbali ino amawaona ndi diso lina.

Tiyambe ndi Lesotho, poti amayi ambiri amene timagwira nawo ntchito m'mayadi ndi akumeneko. Boma lawo linagawa dziko m'zigawo zinayi potengera kukwera kwa nthaka: kumunsi, patsinde pa mapiri, kumapiri kwenikweni, ndi chigwa cha mtsinje wa Senqu. Powerenga anthu kapena zokolola, a patsinde amawerengedwa paokha. Ndiye chimanga chikakanika kumeneko kapena nthaka ikakokoloka, zimaonekera m'mabuku. Ife timawerenga ndi maboma ndi mafumu, choncho wokhala m'munsi mwa phiri la Michesi ndi wokhala kudambo la Chilwa onse ndi a Phalombe basi, chonsecho mavuto awo ndi osiyana kutalitali.

Madzi amene timatunga pampopi kuno, ena mwa iwo ndi a mapiri a ku Lesotho omwewo. Pangano la 1986 la pakati pa Lesotho ndi South Africa linalola kuti madzi a m'damu la Katse, kenako la Mohale, azidutsa pansi pa mapiri kupita ku Vaal Dam, ndipo South Africa imalipira Lesotho chifukwa cha madziwo. Damu lina, la Polihali, likumangidwa. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino. Midzi ina inasamutsidwa, minda ndi mabusa zinamira, ndipo ukamadutsa ku Lesotho zigwembe zobwera chifukwa chochulutsa ziweto umaziona ndi maso. Koma mfundo yakuti madzi a m'phiri ali ndi mtengo inalembedwa ndipo inasainidwa.

Nanga kwathu? Blantyre Water Board inayala mapaipi otenga madzi kuchokera mumtsinje wa Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, kupita ku Blantyre, ndipo anthu a ku Mulanje atafunsa kuti iwo apindulapo chiyani, ena mumzinda anawaona ngati odana ndi chitukuko. Ine ndimati funso lawo linali loyenera. Munthu amene ukumuuza kuti asawotche makala, asadule mkungudza, asalime m'mphepete mwa mtsinje, ndiye akukusungira madziwo. Malo abwino a patsinde pa Mulanje ndi Thyolo anatengedwa kalekale ndi minda ya tiyi. Munthu uja watsala ndi kadimba kotsetsereka. Adya chiyani?

Apa South Africa inaganiza bwino. Kuyambira 1995 pali ntchito ya Working for Water, imene imalemba anthu osauka kuti azidula mitengo yachilendo yomwa madzi ambiri m'mapiri ndi m'mitsinje. Malipiro ake si ambiri, koma ndi malipiro. Kusamala phiri kumakhala ntchito, osati kungopemphedwa pamsonkhano wa amfumu.

Pali china chimene ife tinatsogola, ndipo tisachiiwale. Mipopi yoyenda yokha popanda injini, yotenga madzi m'phiri kutsikira kumidzi, inayamba ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, anthu akukumba okha ngalande. Inafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo maiko ena ankabwera kudzaphunzira. Lero mipopi yambiri imauma m'chilimwe chifukwa kumtunda mitengo inatha.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi napolo. Anatsika ku Zomba mu 1946. Anatsika ku Phalombe mu 1991, kukokolola midzi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira. Ambiri kuno tinkangoimba mafoni osayankhidwa, kenako n'kuyamba kusonkha za maliro. Makolo athu ankadziwa njira za napolo ndipo sankamangamo. Ife tikumangamo, chifukwa puloti ya pamtunda ndi yotsika mtengo.

Apa ndikulankhula ndi ife tomwe, abale anga. Ndalama zambiri zomangira nyumba zimenezo zimachokera kuno. Timatumiza, achimwene kumudzi n'kugula malo, ife n'kungoona zithunzi za maziko pa WhatsApp. Chithunzi sichionetsa chimene chili kumtunda kwa nyumbayo. Musanatumize ya simenti, auzeni atembenuke ajambulenso phirilo, aone ngati pali mitengo, ndipo afunse agogo a m'mudzimo kuti madzi a 1991 kapena a 2023 anadutsa pati.