Masabata 12 awo afika 30, ndipo palibe amene akundiuza kanthu

Lero yankho labwera. Ndinalipira £2.74 kuti nditumize imelo imodzi yokha yofunsa kuti fomu yanga ya viza ya ku Britain ili pati, chifukwa kumeneko ngakhale kufunsa kumene n'kolipira. Ndadikira masiku anayi. M'mawa uno foni yalira ndili pampopi ndikutsuka mbale, ndapukuta manja pachitenje, mtima ukugunda ngati ng'oma ya chimtali. Kutsegula, mizere itatu basi. Akuti pempho lanu tinalandira, likudikirabe kuti lionedwe, pepani chifukwa cha kuchedwa.

Pepani? Pepani sapoletsa chilonda. Ine sindinafunse ngati munalandira, ndikudziwa kuti munalandira, ndalama zanga munatenga tsiku lomwelo osachedwa ndi mphindi imodzi. Ndafunsa kuti ndidzapita liti kwa amuna anga. Funso lake ndi limenelo. Liti?

Abale anga, lero ndiyankhula, amene akufuna kundinena andinene. Ndinapereka mafomu mu June 2024. Tsiku lomwe ndinakadinda zala ndi kujambulitsa nkhope kuno ku Lilongwe, zolembedwa zawo zinkanena poyera kuti viza yotsatira mwamuna kapena mkazi ku Britain imayankhidwa m'masabata 12. Masabata amenewo sindinawapeke ine, anawalemba okha. Anatha kumayambiriro kwa September. Lero tikukamba za masabata 30. Palibe foni, palibe kalata yofotokoza chavuta, palibe dzina la munthu amene ndingamufunse. Kungoti zii.

Tsono chomwe chikundiwawa ndi ichi. Ife akatipatsa tsiku, tsikulo ndi lamulo. Iwo akadzipatsa tsiku, ndi nkhambakamwa chabe.

Taonani mmene amatiwerengera masiku ife. Sitetimenti yomaliza ya kubanki ya amuna anga inayenera kukhala yosapitirira masiku 28 pa tsiku lopereka fomu. Masiku 28, osati 29. Mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi, onse, ndipo ndalama iliyonse yolembedwa papepala ionekenso mu akaunti. Kalata ya kuntchito yonena kuti anayamba liti, amalandira zingati, ntchito yake ndi yokhazikika kapena ayi. Chikalata choti ndilibe chifuwa chachikulu chimagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndiye ndinachita kuwerengetsera pa kalendala kuti ndikajambulitse chifuwa tsiku liti kuti chisathe mphamvu mafomu asanalowe. Chikalatacho chatha mphamvu kalekale ndili pompano, chili mu envulopu pansi pa matiresi. Ukalakwitsa kamodzi pa zimenezi akhoza kukukana, ndalama ya fomu osabweza, ukayambirenso. Ife tsiku limodzi likhoza kutigwetsa. Iwo adutsitsa masabata 18 pamwamba pa lonjezo lawo, ndipo chilango chawo ndi mawu akuti pepani.

Chilungamo chake chili pati pamenepo? Mundiuze.

Ndipo musaganize kuti ndi chithandizo chaulere choti tizingothokoza. Fomu yokha inali £1,846. Ndalama ya zaumoyo, yomwe amakulipiritsiratu usanaponde n'komwe dziko lawo, £1,035 pachaka, ndipo pa viza ya miyezi 33 amakuwerengera zaka zitatu zathunthu, £3,105. Kuphatikiza zimenezi ndi £4,951. Pa mtengo wa kubanki ndi ndalama zoposa K10 miliyoni, osawerengera mayeso a Chingerezi, kujambulitsa chifuwa, mafotokope ndi thiransipoti. Amuna anga anagwira mashifiti a usiku miyezi yambirimbiri ku Nottingham, kudya buledi ndi tiyi, kuti ndalama imeneyi ikwane. Ndinkawaona pa vidiyo maso atafiira, akuyasamula pakati pa nkhani. Ndalamayo inalowa m'thumba la boma lawo mu June. Ndalipirira chipatala cha dziko lomwe sakundilola kulowa. Wogulitsa tomato mumsika wa Lizulu akakulandira ndalama amakupatsa tomato pomwepo, sakuuza kuti ubwere mwezi wosadziwika.

Akuti ntchito yawachulukira, mafomu ndi ambiri, antchito ndi ochepa. Mu 2022 ananena kuti ndi nkhondo ya ku Ukraine, n'kukweza masabata aja kuchoka pa 12 kufika pa 24. Zifukwa sizisowa. Koma ukaonjezera £500, amati akuyankha m'masiku 30 ogwira ntchito. Ndiye kuti manja alipo, nthawi ilipo, kungoti ndi ya amene ali ndi £500 yapadera. Ife tinalibe. Tinali titakokota mpaka pansi pa mphika.

Anthu amandiuza kuti ndidekhe. Azakhali anga dzulo lomweli akuti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndimawalemekeza azakhali, koma nkhono imeneyo ndayiyang'anitsitsa miyezi isanu ndi iwiri. Munthu amadekha akadziwa chomwe akudikira ndi tsiku lake. Mayi woyembekezera amadziwa kuti ndi miyezi isanu ndi inayi. Mlimi akabzala chimanga mu December amadziwa kuti April akolola. Ngakhale wandende woweruza amamuuza zaka zake, amawerenga pakhoma. Ine ndiwerenge chiyani? Atandiuza kuti mayi, mudikira chaka, ndikanalira tsiku limodzi kenako n'kukonza moyo wanga. Chondipweteka n'chakuti sanena. Amakusiya m'malere, sukwera, sutsika.

Ndikuuzeni mmene m'malere mumakhalira. Ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale yoyima payokha. Teremu yachitatu itatha mu July ndinatsanzika, poti masabata 12 amatha September, ndipo sindinafune kuyamba ndi ana chaka chatsopano kenako n'kuwasiya panjira. Ndinachita zimenezo chifukwa ndinakhulupirira zomwe analemba. Malo anga analowa wina. Nyumba ya lendi ndinabweza, mipando ndinagulitsa, firiji ndinapatsa mng'ono wanga. Panopa ndikugona kuchipinda cha ana kwa achimwene ku Area 25, ine mayi wapabanja, wa ukwati wodalitsidwa kutchalitchi. Masutikesi awiri ali pakona chipakirireni August. Ndinaika ufa, usipa wouma ndi chambiko choti ndikawaphikire amuna anga tsiku loyamba. Ufawo unagwa anankafumbwe, ndinataya. Jekete lomwe ndinagula pa kaunjika poopa kuzizira kwa kumeneko layamba kununkha chinyezi ndi mvula ino. Ntchito ina sindingafunsire, ndikawauza chiyani abwana, kuti mwina ndikhala sabata imodzi mwina chaka? Bizinesi sindingayambe, mpamba wake ndi uti, ndipo ndikayamba lero viza ikatuluka mawa?

Pasipoti yanga nayonso ili konko kwa a maviza. Mu November amalume anamwalira ku Chipata, anthu amene anandilipirira sukulu bambo atatisiya. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mchinji ndi ulendo wa maola ochepa chabe. Abale onse anapita. Ine ndinatsala pakhomo ndi ana, maliro a amalume anga ndinawaonera pa foni. Zimenezo adzandibwezera ndani? Viza ikadzatuluka idzawadzutsa amalume kuti ndiwatsanzike?

Nthawi sabweza, abale. Ndalama mwina munthu angapezenso, koma miyezi imeneyi yapita. Chaka choyamba cha ukwati wathu chathera pa WhatsApp. Nyengo ino kumeneko ali m'mbuyo ndi maola awiri, ndiye iwo akamaweruka shifiti ya usiku cha m'ma 8 koloko, kuno ndi 10 koloko, ndimakhala ndathamangira kuseri kwa nyumba komwe netiweki imagwirako bwino. Magetsi akazima foni n'kutha moto, tsiku limenelo ndiye kuti ukwati kulibe. Anadwala chimfine chachikulu mu December, sabata yonse ali okha m'chipinda, wowaphikira phala palibe. Ine mkazi wawo ndili kuno, manja ali lende, ndikungoti mwamwa mankhwala? Khirisimasi anadya okha. Ndipo zaka zisanu zomwe munthu umayenera kukhala kumeneko usanapemphe chilolezo chokhazikika zimayamba kuwerengedwa ukafika. Mwezi uliwonse womwe akundisunga kuno ukukankhira kutsogolo moyo wathu wonse, ana amene tikufuna kubereka, nyumba yomwe tikufuna kumanga.

Anatifunsa umboni woti ukwati wathu ndi weniweni. Tinapereka. Mtchatho, zithunzi za chinkhoswe ankhoswe a mbali zonse akupatsana nkhuku, zithunzi za kutchalitchi, matikiti a ndege a maulendo omwe anabwera kudzandiona, malisiti a ndalama zomwe amanditumizira. Mpaka macheza athu a pafoni, mawu omwe mkazi amauza mwamuna wake usiku, ndinachita kusindikiza pa kafe ya intaneti mnyamata wa pamakina akuwerenga. Manyazi ake ndinawameza. Tinavula zonse pamaso pa anthu osawadziwa kuti akhulupirire kuti timakondana. Atatha kuona zonsezo, atisiya motalikirana miyezi isanu ndi iwiri. Ukwati womwe akufuna umboni wake ndi womwewo akuwuumitsa ngati chimanga cha pa ng'amba. Amene ali ndi faelo yanga madzulo amapita kwawo, amakadya ndi banja lake, amagona pafupi ndi mkazi wake kapena mwamuna wake. Sindikumuda munthuyo, sindimudziwa n'komwe. Koma wina kumeneko adziwe kuti nambala yomwe ili pa kompyuta yakeyo ndi anthu awiri.

Sindikupempha kuti andikondere. Dziko ndi lawo, malamulo ndi awo, ndipo tawatsatira onse mpaka kadontho komaliza. Mu April 2024 anakweza malipiro omwe mwamuna kapena mkazi woitana mnzake ayenera kulandira pachaka, kuchoka pa £18,600 kufika pa £29,000. Tinakwanitsa, movutika koma tinakwanitsa, pomwe mabanja ena anagwera pomwepo. Anati ndilembe mayeso a Chingerezi, ine amene ndaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5 ndipo ndaphunzitsa ana m'Chingerezi zaka zisanu ndi zitatu, chifukwa Malawi sali pa mndandanda wawo wa mayiko oyankhula Chingerezi. Ndinalemba, ndinalipira, ndinakhoza. Chilichonse chomwe ananena ndinachita pa tsiku lake. Nawonso achite chomwe ananena pa tsiku lake. Ngati pali pepala lomwe lasowa, anene, nditumiza lero lomwe. Ngati akufufuza kanthu, anene kuti tikufufuza chakuti, zitenga masabata akuti. Ngati akundikana, andikane, ndidziwe pochitira apilo. Koma kungokhala duu, ayi. Munthu sumusunga chonchi ngati katundu wa m'nkhokwe.

Ndipo inu akwathu kuno, nanunso mwanditopetsa. Tsiku lililonse pa mpingo, pamsika, pamaliro, "Kodi simunapitebe?" Mukundiona ndi maso anu, ndiye mukufunsa chiyani? Ena mumayamba kunong'onezana ndikangotembenuka, akuti mwina bamboyo anapeza wina kumeneko, akuti mwina ukwati wake unali wa mapepala, akuti anamunamiza. Mayi wina wa m'kwaya mwathu anachita kundiuza m'maso kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndinafuna ndekha mwamuna wakunja. Mayi, amuna anga si akunja, ndi mwana wa ku Dedza, tinadziwana tili ku sekondale. Kupita kukagwira ntchito kunja si mlandu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ana anu omwe mukuwapempherera kuti apite kunjawo adzaima pamzere womwewu.

Apongozi anga okha ndi amene amandiimbira osafunsa za viza. Amangoti, "Mwadya, amayi?" Mulungu awasunge.

Koma oipitsitsa ndi awa amene amanunkhiza misozi ya anthu. Ndikangolemba kanthu pa gulu la Facebook la odikira maviza, mphindi khumi sizitha, mauthenga ayamba kulowa ku inbox. "Mayi, ine ndili ndi munthu wamkati, mungopereka K800,000 faelo yanu ikwera pamwamba." Wamkati wake uti? Chigamulo sichipangidwa n'komwe ku Lilongwe kuno, kuno amangolandira mapepala ndi kudinda zala. Mtsikana wina wa pagulu lathu anagulitsa poloti yake kupatsa dobadoba wotere, lero nambala yake siyikupezeka, viza kulibe, poloti kulibe. Mukudya ndalama za anthu amene akulira kale, ndipo Lamulungu mumakhala kutsogolo m'tchalitchi. Amene wanditumizira uthenga usiku wathawu, nambala yako ndasunga, ukangoyerekeza kundilemberanso ndikaipereka kupolisi.