Ngakhale Chilembwe anampatsa zaka ziwiri zokha pa Trafalgar Square

Ife amene timagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England sitipita ku London kawirikawiri, chifukwa tikiti ya sitima yokha imadya malipiro a maola angapo, ndipo tsiku lopuma likapezeka thupi limangofuna tulo. Komabe munthu umadzikakamiza kukaona Trafalgar Square, ngakhale ukudziwa kuti chithunzi chimodzi chojambulitsa pafupi ndi mikango yamkuwa ija chidzabala mauthenga a pa WhatsApp opempha fizi, feteleza ndi malata, poti kumudzi amayesa kuti woima pamenepo ndalama zamukwana.

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi nsanja zinayi zoikapo ziboliboli za pabwalopo. Pa zitatu mwa izo pali mfumu George IV ndi akuluakulu awiri a asilikali: Charles Napier, amene analanda dera la Sindh (lomwe lero lili ku Pakistan) mu 1843, ndi Henry Havelock, amene anathandiza kupondereza Amwenye ataukira ulamuliro wa Angerezi mu 1857. Awiriwa aima pamenepo zaka zoposa 160, ndipo palibe amene amawafunsa kuti achoka liti. Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi, ndiye osanena, ali pamwamba pa chipilala chake cha mamita pafupifupi 52 kuyambira 1843.

Nsanja yachinayi ndiyo ya alendo. Mu Seputembala 2022 anaikapo chiboliboli cha M'busa John Chilembwe, chimene mmisiri wa ku Malawi Samson Kambalu anakonza potengera chithunzi cha 1914, pomwe Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley chipewa chili kumutu, m'masiku amene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anakuza Chilembwe n'kuchepetsa Chorley, ndipo Amalawi ambiri tinapita kukaimirira pansi pake mitima ili m'mwamba. Pofika kumapeto kwa 2024 chinali chitachotsedwa.

Eni dziko adzanena kuti nsanjayo lamulo lake ndi lomwelo, kuti ziboliboli zimasinthana, ndipo sindikutsutsa. Koma kwa ine zikuoneka kuti m'busa wathuyo anampatsa viza monga ife tomwe, amene timasambitsa makolo awo usiku ndi usana, n'kumakhoma msonkho mwezi ndi mwezi, uku tikuwerengera miyezi yotsala pa chiphaso chimene chimatimangirira kwa bwana mmodzi, moti ngakhale atatichepetsera maola sitingayerekeze kukweza mawu.