Valavu yotulutsira oyilo ndi yothandiza, koma si pikapu iliyonse ikuyenera kukhala nayo

Eni mapikapu ena ayamba kuchotsa bawuti yotsekera oyilo pansi pa sampu (kathanki kosungira oyilo kunsi kwa injini) n'kumangapo kavalavu kotsegula ndi chala, ndipo ambiri akufunsa ngati kachipangizo kameneka n'kodalirika pa galimoto yoyenda m'misewu ngati yathu. Maganizo anga ndi akuti valavuyi ndi yothandiza ndithu, ndipo ikakhala yeniyeni siimatseguka yokha chisawawa monga ena amaopera. Komabe chitetezo chake sichidalira kapangidwe kake kokha ayi. Chimadalira pamalo pomwe yakhala kunsi kwa galimoto, mtundu wa injini, ndiponso misewu imene galimotoyo imadutsamo sabata ndi sabata, ndipo zinthu zitatu zimenezi ndi zomwe ogulitsa sakonda kuzitchula.

Yodziwika kwambiri ndi ya kampani ya ku Japan yotchedwa Fumoto, yomwe yakhala ikupanga mavalavu otere kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Thupi lake ndi lamkuwa, ndipo mkati mwake muli kampira kobooka pakati, kofanana ndi ka mu mpopi wamadzi uja timatsegula pongokhotetsa kamodzi. Kuti oyilo atuluke, munthu amayenera kukankha kachogwirira kuti kachoke m'kampata momwe sipuling'i imakapanikiza, kenako n'kukatembenuza madigiri 90. Popeza pamafunika zochita ziwiri zotsatana, kunjenjemera kwa injini kapena mabampu a mu msewu sizingathe kuitsegula. Palinso mtundu wina, monga wa Stahlbus wa ku Germany ndi wa Femco wa ku Netherlands, womwe ulibe chogwirira n'komwe. Umenewu umatseguka pokhapokha mwalumikizapo kapaipi kake, ndipo mukamaliza mumamangapo chivindikiro chachitsulo. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri kwa munthu woyenda m'misewu yafumbi.

Phindu lalikulu la valavuyi, m'kuona kwanga, ndi kuteteza mazinga a sampu, timizere tozungulira ta m'bowo momwe bawuti imagwira. Aliyense amene anaimapo pa galaja ya m'mbali mwa msewu n'kuyang'anitsitsa sevisi ikuchitika akudziwa mmene zimakhalira. Mnyamata wophunzira ntchito amagona chagada pa katoni, amabwezera bawuti ndi washala yemwe uja wakale wophwatalala, ndipo poopa kuti mwini galimoto angabwere mawa kudzadandaula kuti oyilo akudontha, amalowetsa paipi ku sipanala n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Bawuti ya sampu ya Toyota ndi yaing'ono, ya mamilimita 12, ndipo imafuna kumangidwa ndi mphamvu ya pafupifupi 40 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), imene dzanja limodzi limakwanitsa popanda paipi. Tsono pikapu ya dizilo imene imasinthidwa oyilo pa makilomita 5,000 kapena 10,000 alionse imakhala itamasulidwa bawutiyo maulendo 30 mpaka 60 pofika makilomita 300,000, ndipo tonse tikudziwa kuti Hilux ndi D-Max zambiri kuno zimapitirira pamenepo. Tsiku lina mazinga amatha. Zikatero ena amakulunga tepu ya mapaipi, ena amapaka silikoni, ena amalowetsa bawuti yokulirapo mokakamiza, ndipo mapeto ake sampu imayenera kutsitsidwa kuti ikakonzedwe kapena kugula ina. Pa injini za sampu ya aluminiyamu vutoli limabwera msanga chifukwa chitsulocho n'chofewa. Valavu imamangidwa kamodzi kokha, ndipo kuchokera tsiku limenelo sipanala siifikanso pa mazinga amenewo.

Phindu lachiwiri ndi ukhondo, ndipo sindikufuna kuti tilione ngati nkhani yaing'ono. Bawuti ikamasuka, oyilo wotentha amatuluka mwamphamvu, amatsetsereka pa mkono mpaka m'chigongono, bawutiyo imagwera m'beseni, ndipo oyilo wina amathera pansi. Oyilo wakuda wochoka mu injini ali ndi zinthu zoipa zomwe zingayambitse matenda a pakhungu, kuphatikizapo khansa, kwa munthu amene amamukhudza kawirikawiri kwa zaka zambiri, ndipo amakaniko athu ambiri amagwira ntchitoyi ndi manja opanda magolovesi. Magalaja ochuluka amagwirira ntchito pa dothi, moti mvula ikagwa oyilo uja amakokoloka kulowa m'ngalande zomwe zimakathira mu Mudi ku Blantyre kapena mu mtsinje wa Lilongwe. Bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA limanena kuti oyilo wa sevisi imodzi yokha angaipitse madzi okwana magaloni 1 miliyoni, omwe ndi malita pafupifupi 3.8 miliyoni. Ndi valavu yokhala ndi mlomo wolumikizapo paipi, oyilo amachoka mu injini n'kulowa m'chigubu osakhudza dzanja kapena nthaka, ndipo mutha kutseka pakati pa ntchito chigubu chikadzaza. Makampani okhala ndi magalimoto ambiri amapindulanso chifukwa atha kutapa oyilo wochepa wokapimitsa popanda kukhuthula yense.

Tsono nkhawa yanga ili pa kutalika kwake. Mutu wa bawuti umatuluka pang'ono chabe pa sampu, pamene valavu, makamaka yokhala ndi mlomo wa paipi, imatuluka kwambiri kuposa pamenepo. Pa galimoto yoyenda pa phula pakati pa Blantyre ndi Lilongwe zimenezi zilibe kanthu. Koma pikapu sinagulidwe kuti izingoyenda pa M1. Imapita ku munda, imanyamula fodya ndi chimanga m'tinjira tomwe matayala a ngolo ndi malole anakumba mbali zonse ziwiri n'kusiya mtumbira pakati, imakwera msewu wa Golodi wopita ku Livingstonia kapena wa ku Nyika, ndipo nthawi ya dzinja imalowa m'matope momwe dalaivala saona chomwe chabisala pansi. Mwala ukagunda mutu wa bawuti yachitsulo, nthawi zambiri umangoikanda. Ukagunda valavu yamkuwa yomwe yatulukira kunsi, utha kuithyolera pa khosi pomwe pali mazinga. Udzu wautali ndi timitengo nazonso zitha kukola kachogwirira, kukakankha n'kukatembenuza, zomwe mabampu sangachite. N'chifukwa chake a Fumoto eni ake amapanga kachomangira kapadera kotsekera chogwiriracho, ndipo amalangiza oyenda m'malo otere kuti azikagwiritsa ntchito.

Taganizirani zomwe zimachitika valavu ikathyoka galimoto ili pa ulendo. Injini ya Hilux ya malita 2.8 imasunga oyilo wopitirira pang'ono malita 7, ndipo oyilo wotentha ndi wopyapyala, sachedwa kutha. Mu msewu wafumbi dalaivala saona mzere wakuda womwe akusiya kumbuyo. Nyali yofiira ya oyilo pa dashibodi siimauza munthu kuti oyilo akuchepa, imayaka pamene mphamvu yopopera oyilo yagwa kale, ndipo dalaivala amene maso ake ali pa maenje a mu msewu atha kuyenda kamtunda asanaione. Pofika poti aime, mabering'i atha kukhala atapsa, injini yanoka. Mtengo wokonzera injini ya dizilo yamakono, pamene zipangizo zake zambiri zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja, suyerekezeka ndi mtengo wokonzera mazinga a sampu. Ngozi yotereyi siichitika kawirikawiri, koma ikachitika imawononga zambiri, ndipo imakugwerani kutali ndi galaja.

Chifukwa cha ichi, musanagule valavu gwadani muyang'ane kunsi kwa galimoto yanu. Ngati bowo la oyilo lapenya cham'mbali kapena kumbuyo, ndipo lili pamwamba kuposa chitsulo chopingasa cha chasisi, valavu idzakhala yobisika bwino. Ngati lapenya pansi ndipo valavuyo ndiyo ikhale chinthu chotsikitsitsa pamalopo, musaiike. Onaninso ngati chitsulo chotchinga injini kunsi chilipo. Mapikapu ambiri akale akuyenda opanda chitsulo chimenechi chifukwa tsiku lina chinamasulidwa pa sevisi, mabawuti ake anasowa, ndipo chinatsamiritsidwa pa khoma la galaja mpaka kuiwalika. Galimoto yotere ikufunika chitsulo chotchingacho isanafunike valavu.

Pali mfundo ina imene eni Ford Ranger ayenera kuidziwa bwino. Valavu imatulutsa oyilo pang'onopang'ono kusiyana ndi bowo lotsegula, chifukwa njira yake ndi yopapatiza. Nthawi imene imapulumutsa ndi ya kusaka sipanala, kumasula zotchinga ndi kupukuta, osati ya kukhuthula kwenikweniko. Pa injini zambiri kudikira kumeneku kulibe vuto, makamaka mukatulutsa oyilo injini ikadali yofunda. Koma Ranger zomwe zinayamba kutuluka mu 2011, zomwe zambiri zimabwera kuno kuchokera ku fakitale ya Silverton ku Pretoria, makamaka za injini ya malita 3.2 ya masilinda asanu, pamodzi ndi Mazda BT-50 ya injini yomweyo, zili ndi pampu ya oyilo imene siifuna kukhala youma nthawi yaitali. Amakaniko amachenjezedwa kuti injini zimenezi zisakhale zopanda oyilo kupitirira mphindi 10, chifukwa pampuyo itha kulephera kukoka oyilo watsopano injini ikalizidwa. Injini ya 3.2 imasunga malita pafupifupi 10. Kutulutsa oyilo wochuluka chonchi kudzera pa kabowo kakang'ono, kwinaku mukuthamangitsana ndi mphindi 10, n'kudziika pa chiopsezo popanda chifukwa. Pa galimoto imeneyi ine sindingaike valavu, ndipo sindingalangize mnzanga kutero.

Ena amadandaula kuti valavu imasiya oyilo wakale pang'ono pansi pa sampu chifukwa mazinga ake amalowa mkati. Zimenezi zimachitikadi pa masampu ena, koma oyilo wotsalayo ndi wochepa poyerekeza ndi yemwe amatsalira kale m'njira za mkati mwa injini pa sevisi iliyonse, choncho sindiiona ngati nkhani yodetsa nkhawa. Chomwe chimatayika ndi mwayi woona tizitsulo ta mu injini kwa amene amagwiritsa ntchito bawuti ya maginito, yomwe imakoka tizitsulo totuluka mu injini ikamaperepeseka, ndipo pa injini yokalamba chizindikiro chimenecho n'chamtengo wapatali.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa msika wathu ndi katundu wachinyengo. Mavalavu ofanana ndi enieni m'maonekedwe adzaza pa intaneti pa mtengo wotsika, ndipo diso silingasiyanitse mkuwa wabwino ndi wosalimba, kapena sipuling'i yamphamvu ndi yomwe idzafooke ikatenthedwa miyezi ingapo. Moyo wonse wa injini umatsamira pa kachitsulo kameneka, kotero si pamalo pofunira zotchipa. Mazinga nawonso ayenera kugwirizana ndendende. Toyota ndi Nissan zambiri zimagwiritsa ntchito M12 x 1.25 (bawuti yonenepa mamilimita 12, ya mazinga otalikirana mamilimita 1.25), pamene magalimoto ena ambiri ali ndi M14 x 1.5, ndipo valavu yolowa mokakamiza imawononga mazinga omwe mumafuna kuteteza aja. Pomanga, sipanala igwire pa thupi la valavu pamalo pomwe anakonzera, ndipo musakoke mopitirira muyeso chifukwa mkuwa umathyoka msanga kusiyana ndi chitsulo. Ngati galimoto ikadali pa chitsimikizo cha ogulitsa, afunseni kaye ndipo yankho lawo likhale lolembedwa, kuti injini ikadzavuta asadzaloze chala valavuyo.

Tisaiwalenso kuti chinthu chosavuta kutsegula kwa inu n'chosavutanso kwa wina aliyense. Pikapu yogona pa bwalo lopanda mpanda, kapena ya kampani yomwe imasinthana madalaivala ndi kugona m'malo osiyanasiyana, itha kutsegulidwa ndi munthu wanjiru kapena mwana wongoseweretsa, popanda chida chilichonse m'manja. Mtundu wa chivindikiro uja umachepetsa vutoli chifukwa popanda kapaipi kake oyilo satuluka, ngakhale kuti kapaipiko kakasowa inunso mwagwidwa njakata, ndipo n'koyenera kukasunga m'galimoto momwemo.

Ndikanakhala ndi Hilux kapena D-Max yogwira ntchito m'tauni ndi m'misewu ya phula, yomwe ndimaisintha oyilo ndekha kapena pa galaja imodzi yodziwika, ndikanaika valavu yeniyeni pamodzi ndi kachomangira kake mosazengereza. Pa pikapu ya ku munda kapena ya bungwe loyendera midzi, ndingavomere mtundu wa chivindikiro wokha, ndipo ukhale kuseri kwa chitsulo chotchinga cholimba. Kumene zimenezi sizikutheka, bawuti ikhalebe pamalo pake, koma mwini galimoto azigula washala watsopano pa sevisi iliyonse, aziimirira pomwepo bawutiyo ikamamangidwa, ndipo aziumirira kuti makaniko agwiritse ntchito sipanala yoyezera mphamvu m'malo mwa paipi.