Anyamata a NBA 2K, wosewera wanuyo ali ndi tsiku lomwalira

Ana inu amene mumachezera usiku wonse pa kompyuta mukuponya mpira mu NBA 2K, gemu ya basketball yotengera ligi ya ku America ya NBA, tasenderani kuno ndikutsineni khutu. Musaganize kuti ndikudana ndi gemuyo. Ndi yopangidwa mwaluso ndithu: thukuta la osewera limachita kuoneka, nsapato kumalira pabwalo, ndipo aliyense wodziwa basketball amavomereza kuti a Visual Concepts, kampani yopanga gemuyi, akhala akuikapo mtima kuchokera mu 1999, pamene anatulutsa yoyamba pa makina a magemu a Sega Dreamcast, Allen Iverson ali pachikuto. Chondiwawa ine ndi mmene mukumwazira ndalama, tulo ndi ulemu wanu pa chinthu chimene simunafunse n'komwe kuti chidzakhala chanu mpaka liti.

Gemu mwagula kale, pafupifupi madola 70 ikangotuluka. Mwalowa mu gawo la gemuyi lotchedwa MyCAREER, mwaumba wosewera wanu, mwamusankhira nkhope, msinkhu ndi kutalika kwa mikono. Luso lake limayezedwa ndi nambala, ndipo amayambira pa 60. Munthu wa pa 60 sathamanga, akaponya mpira umangogunda chitsulo, ndipo anzanu pa intaneti akangomuona amamuthawa. Kuti akwere pamafunika VC, ndalama ya m'gemumo. VC imeneyi mungathe kuitolera pang'onopang'ono posewera, kapena kuigula ndi ndalama zenizeni, wosewerayo n'kudumpha kufika pa 85 tsiku lomwelo. Mukuganiza kuti njira yoyambayo inakhala yotopetsa mwangozi? Eni ake a 2K, imene imagulitsa gemuyi, ndi kampani ya Take-Two Interactive, ndipo kampani imafuna phindu. Amadziwa bwino kuti wachinyamata amaopa kusekedwa ndi anzake kuposa mmene amaopera kusauka.

Ndiye inu, osafunsa, osawerenga, mumathira VC yonse mwa wosewera woyamba. Patapita sabata mwazindikira kuti munamuumba molakwika: ndi wamfupi kwambiri, kapena satha kutchinga. VC imene munathirayo sibwerera. Mumayamba wachiwiri, n'kulipiranso. Kuwonjezera apo nsapato, malaya ndi zojambula pakhungu, zonsezo pa munthu amene kulibe.

Tsono tamverani chimene ambiri a inu mumachita ngati simuchidziwa. Chaka chilichonse cha m'ma Seputembala kumatuluka NBA 2K yatsopano. Wosewera wanu uja sasamukira kumeneko. VC yotsala sisamuka. Makadi a osewera amene munavutikira mu MyTEAM, gawo lomangira timu ndi makadi, sasamuka. Anzanu onse amakhamukira ku yatsopanoyo, mabwalo a yakale n'kutsala mbee, inuyo n'kuyambiranso pa 60. Pakapita zaka ziwiri ndi miyezi yowerengeka, kampani imazimitsa maseva, makompyuta ake amene amayendetsa gemuyo pa intaneti. NBA 2K22 inatuluka mu Seputembala 2021, ndipo maseva ake anazimitsidwa pa 31 Disembala 2023. Kuyambira tsiku limenelo zonse zodalira intaneti zinatsekeka, ndipo amene anathiramo madola mazanamazana analibe poti n'kukadandaula, chifukwa zinalembedwa mu mgwirizano umene anauvomera osawerenga uja. Simunagule wosewera, ana inu. Munangomubwereka, tsiku lomulanda litalembedwa kale.

Za mapaketi a MyTEAM ndinene mosapsatira: kumeneko ndi kutchova juga. Ulipira usanadziwe chimene chili mkati, paketi itseguka ndi kuwala ndi phokoso, mtima uli phaphapha kudikira Michael Jordan kapena LeBron James, kenako mutuluka wosewera amene uli naye kale. Uti ndiyesekonso kamodzi. Si ine ndekha ndikutero. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti mabokosi amwayi ogula ndi ndalama m'magemu ndi juga, ndipo 2K inakakamizika kusiya kugulitsa mapaketi oterewa m'dzikolo. Chaka chotsatira, kanema wotsatsa NBA 2K20 anaonetsa poyera makina okhala ngati a ku kasino ndi gudumu lozungulira lamwayi, anthu n'kukwiya kwambiri. Mwana amene sangaloledwe kulowa m'nyumba ya juga akuphunzira mchitidwe womwewo ali m'chipinda mwake, makolo ali pabalaza akuganiza kuti akungosewera mpira.

Ndipo ndalamazo ndi za ndani? Ambiri mwa inu simunayambe kugwira ntchito. Khadi la kubanki la mayi kapena bambo linalowetsedwa kamodzi pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kuti mugule gemu, linasungika momwemo, ndiye mwalisandutsa lanu. Kutenga ndalama za kholo osapempha ndi kuba, ngakhale kukhale kongodina batani. Kusaona ndalama ikutuluka m'thumba sikuchotsa mlandu.

Ena mwa inu mumadziona ochenjera: ife sitilipira, tili ndi njira zathu. Mwaona linki pa YouTube kapena uthenga pa Discord wolonjeza VC yaulere, akuti ingolembani dzina la akaunti ndi pasiwedi. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Kulibe makina opanga VC yaulere. VC imawerengedwa pa maseva a 2K, osati pa kompyuta yanu. Amene wakupemphani pasiwediyo akufuna akaunti yanu ya Steam ndi magemu onse ali mmenemo. Ma Locker Code enieni, makodi opatsa mphatso zaulere m'gemumo, amalengezedwa ndi 2K eni ake, amalembedwa m'gemu momwemo, ndipo safuna pasiwedi. Ngakhale uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani muziuyang'ana kawiri. Mu Seputembala 2022 akuba analowerera dongosolo limene 2K imathandizira makasitomala, n'kutumizira osewera maimelo okhala ndi pulogalamu yoba mapasiwedi osungidwa pa kompyuta. Ngati zinatheka kudzera pa khomo la eni ake, nanga bwanji fayilo imene mwaitola pa tsamba losadziwika, yolembedwa kuti gemu yonse yaulere? Mumazimitsa nokha chitetezo cha kompyuta kuti ilowe, pa kompyuta yomweyo imene ena m'nyumbamo amasungirapo ntchito zawo ndi kulowera ku banki.

Achinyengo nanunso ndikuoneni. Osewera pa kompyuta akhala akudandaula kwa zaka zambiri za anthu olowetsa mapulogalamu oti mpira uliwonse uzilowa, ena mpaka kutalikitsa mikono ya wosewera kuti izifika theka la bwalo. Mwapambana, inde, koma mwapambana chiyani? Akaunti ikatsekedwa, zonse munagula zija zimapita nayo limodzi.

Palinso khalidwe la pabwalo, limene limandichititsa manyazi kuposa zonse. Mu Rec, bwalo la pa intaneti la m'gemumo, mumasewera asanu mbali iliyonse, anthu enieni, aliyense wapatula nthawi yake. Wina akangogwira mpira sapatsira, amangovinavina nawo mpaka masekondi 24 atsala pang'ono kutha, n'kuponya ali pakati pa anthu atatu. Timu ikatsalira ndi mapointi 10 m'chigawo choyamba, yemweyo ndiye woyamba kutuluka, kusiyira anzake kompyuta kuti imuseweretsere malo ake. Asanatuluke watukwana kaye pa maikolofoni, kutukwana mayi wa munthu amene sanamuonepo, mwina mwana wa zaka 12. Mumati mumakonda NBA. Kodi simunaone mmene Nikola Jokić amagawira mpira, munthu woti anatengapo katatu MVP, mphotho ya wosewera woposa onse pa nyengo? Ku NBA timu imasewera magemu 82 pa nyengo, ina kuluza ndi mapointi 30, koma palibe amavula yunifomu pakati pa gemu n'kumapita kwawo.

Za tulo ndingodutsamo, poti mukuzidziwa. "Imodzi yokha yomaliza" ija imakufikitsani 3 koloko m'mawa, m'kalasi kapena kuntchito mutu uli gwaa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kale vuto lolephera kudziletsa pa magemu m'buku lake la matenda, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Sakunena aliyense wosewera gemu ayi. Akunena munthu amene gemu yamulanda chiwongolero, sukulu, ntchito ndi abale zikuwonongeka iye akuona, koma osasiya. Dzifunseni nokha muli pati.

Musanagule, werengani kaye zimene gemuyo ikufuna pa kompyuta. Kwa zaka zingapo a pa kompyuta ankapatsidwa mtundu wakale wofanana ndi wa PlayStation 4, koma kuyambira NBA 2K25 mu 2024 anayamba kulandira watsopano, umene ndi wolemera kwambiri ndipo umadya malo oposa 100 GB. Kompyuta yofooka imachita kudukiza, ndipo gemu imene kuponya kwake kumadalira kusiya batani pa kamphindi koyenera siseweredwa ikamadukiza. Ikakanika, Steam imabweza ndalama ngati simunapitirire masiku 14 chigulireni komanso simunasewere maola oposa 2. Ambiri mumalimbana nayo usiku wonse, nthawiyo n'kudutsa.

Chodabwitsa n'choti mbali yokoma kwambiri ya gemuyi simuiyang'ana n'komwe. Play Now, momwe mumangosankha matimu n'kuyamba kusewera, sifuna VC. MyNBA sifuna VC: mumatenga timu, kugula ndi kugulitsa osewera, kusankha achinyamata pa draft, ngakhale kubwerera ku zaka za m'ma 1980 kukakumanitsa Magic Johnson ndi Larry Bird. Zimenezi munalipira kale pamene munkagula gemu.

Inu makolo, nanunso musamangoti ana a masiku ano. Lowani pa Steam ya mwanayo lero, tsegulani mbiri ya zogula muone ndi maso anu. Chotsanimo khadi la kubanki, yatsani chitetezo cha akaunti chotchedwa Steam Guard, ndipo mu zoikamo za banja ikani malire a maola ndiponso lamulo loti chilichonse chogula chizidutsa kwa inu. Akadzabwera kudzapempha VC, mufunseni kuti wosewera wa chaka chatha uja, amene munamulipirira, ali kuti.